Tsiku limene apongozi anamwa nkhuku

Mphikawo ndinaugula mapaundi 8 m'sitolo ya kaunjika ku Leeds, ku Mangalande, chakumapeto kwa 2022, mitengo ya magetsi ndi gasi itakwera moti kuntchito aliyense ankangokamba za slow cooker, mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono. Ati m'mawa umaponyamo ndiwo, n'kuvundikira, n'kunyamuka, madzulo ukapeza zapsa zokha, magetsi ake ochepetsetsa. Kwa ine wosamalira okalamba, wa shifiti ya maola 12, kumeneku kunali kupeza wantchito wosafunsa malipiro. Komabe unangokhala pamwamba pa kabati n'kumatola fumbi, mpaka apongozi anga atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu wawo.

Masiku atatu anatha mlendo asanalawe nkhuku, manyazi ake osanena. Tsiku lachinayi tonse awiri ndi mayi a Chisomo tinali ndi ntchito ya tsiku lonse, ndiye ine, mwa matama anga, ndinati: "Lero za ndiwo mundisiyire."

Ndinadzuka 5 koloko. Nkhuku ya m'supamaketi ija, yonenepa, yotuwa, yopanda mutu, yopanda mapazi, m'mimba mulibe kanthu, ndinaiduladula n'kuiponyamo yaiwisi. Anyezi, tomato wam'chitini, mchere. Zokazinga kaye ndinati n'zotaya nthawi. Kenaka ndinaima n'kuganiza, ndipo pamenepa m'pamene nzeru zinandipweteka. Ndinakumbukira tambala wakumudzi, amene umamuthira madzi, n'kuphwa, n'kuthiranso, katatu konse, iye akadali gwa ngati tayala. Ndinati poti lero palibe wothirira, madzi a maulendo atatuwo ndithiriretu. Ndinadzaza mpaka m'khosi, n'kutembenuzira kabatani pa Low.

Apongozi anali atadzuka kale, atafunda bulangete pampando. Ndinanjuta pakhomo.

"Amayi, mphikawu musauvundukule, kutentha kungathawe."

"Chabwino bambo. Nanga moto wake uli pati?"

"Uli m'kati, amayi."

"Oho."

Oho ameneyo anandiperekeza mpaka pa siteji ya basi.

Madzulo wondilandira ntchito anachedwa, basi nayo inandisiya. Ndinafika kunyumba cha m'ma 9 usiku, nkhuku itakhala pamoto maola oposa 14. Kabuku ka mphikawo, kamene ndinadzakawerenga mawa lake ndili wofatsa, kamati pa Low ndi maola 6 mpaka 8.

Fungo lokha, abale, linandichingamira pamasitepe, ndipo ndinalowa m'nyumba chifuwa chili patsogolo. Apongozi anali ataphika kale nsima, mitanda itavundikiridwa bwinobwino, ndipo mphika wanga sanaukhudze, mawu a mkamwini anawasunga. Mayi a Chisomo anali atangofika kumene. Onse anandizungulira. Ndinavundukula.

Nyanja. Mafuta akunyezimira pamwamba, chikopa chikuyandama ngati sokosi yotayika. Ndinalowetsa supuni yaikulu kufuna ntchafu ya mlendo, munatuluka fupa loyera mbee, ngati agalu agwirapo kale ntchito. Ndinalowetsanso. Fupa lina. Nyama inalimo ndithu, koma ulusiulusi, yomwazika mphika wonse ngati thonje lonyowa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mumphika umenewu madzi saphwa. Nthunzi imagunda chivundikiro n'kudonthera momwemo, nkhuku imatulutsa madzi ake, tomato nayenso ake, choncho kapu imodzi ikanakwana. Komanso nkhuku zam'supamaketizi zimaphedwa zili ndi milungu pafupifupi 6, sizinathamangitsidwepo ndi kabawi kapena mwana wamwala m'manja. Ine ndinaiphika ngati tambala wopuma pantchito. Yolimba ija imapezeka m'masitolo a Afirika ku Harehills, dera la mu Leeds momwemo, ndipo ndimaidziwa bwino, koma tsiku limenelo ulesi unandilowetsa m'sitolo yapafupi.

Mayi a Chisomo anathawira kubafa n'kutsegula mpopi, koma kuseka kwawo kunkamveka kuposa madziwo. Ine ndinatenga sefa n'kuyamba kuwedza mafupa. Ndinayesa kubwatitsa msuzi pasitovu kuti uchepe, koma nsima inali kuzizira ndipo mlendo anali asanadye chiyambire masana.

Tinakhala patebulo. Apongozi anasamba m'manja, anatema nsima, anaumba mbamu yawo mosathamanga, n'kuiviika. Mbamuyo sinabwerere. Anaifunafuna ndi chala m'mbalemo, kenaka anakweza maso.

"Bambo a Chisomo, mundibwerekeko kapu."

Anathiramo msuziwo, n'kumatema nsima ndi dzanja lamanja, kapu kumanzere. Atamwa kawiri anagwedeza mutu.

"Mchere wake uli bwino, bambo."

Ndinathokoza ndikuyang'ana pansi.

"Nanga nthutumba nayo yasungunuka?"

Apa ndinaona kuti kufotokoza zoti nkhuku zakuno zimagulitsidwa zopanda nthutumba kukhala mlandu wina watsopano, wopatsa mlendo nkhuku yoperewera. Ndinangoti, "Eya amayi, inayamba ndi iyo."

M'mawa mwake ndikuvala nsapato ndinawamva kuchipinda akulankhula pa WhatsApp ndi achemwali awo a ku Ntcheu, mawu atatsitsa, koma osati mokwanira.

"Ayi tili bwino, akutisamala ndithu. Kungoti kuno ku Mangalande nkhuku sadya ayi. Amamwa."