Mmene ndinapezera malo pa hositelo ya masisitere ku Zomba

Dzina langa litatuluka kuti ndikaphunzire ku University of Malawi, ija timangoti Chanco, chimwemwe sichinakhalitse. Tinamva kuti zipinda zapasukulupo sizikwanira aliyense, ndipo anzanga anali atayamba kale kusaka nyumba za lendi ku Chikanda. Amayi anakanitsitsa zoti mwana wawo wamkazi wa zaka 18 akakhale kwa eni nyumba osawadziwa.

Za hositelo ya masisitere tinamva kwa mayi wina wa mumphakati mwathu. Ntchito yonse inayambira kwathu konko. Wapampando wa mphakati analemba kalata yondichitira umboni, ine n'kupita nayo kwa bambo mfumu kuti aikepo chidindo. Pamenepa panandithera sabata yathunthu, chifukwa khadi langa la ubatizo ndinali nditataya. Akatekisiti anachita kutsegula buku lalikulu la parishi, lamasamba achikasu, n'kumatsata ndi chala mpaka anapeza dzina langa. Inu amene mukufuna malo otere, yambani mwafunafuna khadi limenelo.

Ku Zomba ndinafika Lachiwiri, phiri litafunda nkhungu. Sisitere wamkulu anawerenga kalata ya ku yunivesite ndi ya kuparishi, kenako anavula magalasi.

"Mwananga, geti timatseka 8 koloko usiku. Ukwanitsa?"

"Ndikwanitsa, Sisitere."

Mumtima ndinkadandaula, poti ndinkaganiza kuti ufulu wa ku koleji wandidutsa. Ndinakalipira ku banki, n'kubwera ndi lisiti, ndipo anandipatsa kiyi wa chipinda cha anthu awiri. Zofunda, chidebe ndi mbale ndinabwera nazo ndekha.

Phindu lake ndinaliona pa asainimenti yoyamba. Tikatha korona madzulo, pahositelo pamati zii mpaka 10 koloko, wailesi osamveka. Magetsi akazima tonse timasonkhana m'chipinda chodyera momwe muli nyale ya sola. Mmenemo ndi momwe achemwali ena a chaka chachinayi, ophunzira zamalamulo, anaona pepala langa nati, "Iwe, mawu a mwini buku sungawakopere chonchi osamutchula." Anakhala nane mpaka usiku, ndime ndi ndime, cholembera chofiira chili m'manja.

Mnzanga wa m'chipinda ndi wa CCAP. Korona samukakamiza, koma m'mawa uliwonse ndi iyeyo amene amandigwedeza phewa kuti ndisachedwe kalasi ya 7:30.