Loweruka: nkhaka zanga zasamuka lero

Ndinadzuka 5 koloko isanakwane, chifukwa madzi a m'mpopi kuno ku Chilomoni masiku ano akumabwera m'bandakucha n'kuthawa dzuwa likangotuluka. Nditadzaza mgolo ndi ndowa zinayi, ndinayamba kaye ndathirira mbande za nkhaka zili m'majumbo a shuga pansi pa mpeyala paja, kuti dothi ligwirane bwino pofika madzulo. Ndinafesa masabata atatu apitawo, mbewu ya mtundu wa Ashley, njere ziwiriziwiri m'jumbo lililonse. Zinamera tsiku lachisanu. Yofooka ndinkaidula ndi lezala, osaizula, kuopa kugwedeza mizu ya inzake. Pa majumbo 24, abwino atsala 22, ndipo mbande iliyonse ili ndi masamba enieni awiri kapena atatu, okakala aja.

Amayi, amene anabwera Lachinayi kuchokera ku Ntcheu, ankandiyang'ana ali pakhonde ndi kapu yawo ya tiyi.

"Kodi iwe, unamva kuti nkhaka amawokera? Si fodya ameneyo."

"Amayi, ndikadzala pansi nkhuku za a neba zimafukula zonse."

"Ndiye vuto ndi nkhuku, osati nkhaka."

Ndinangoseka, poti sakunama. Kumudzi nkhaka, kayimbe ndi zipwete amangoponya m'munda wa chimanga pamodzi ndi maungu mvula ikagwa, basi, n'kumadzathyola popita kukapalira. Mbewu za mtundu wa maungu zonsezi sizifuna kuti muzikhudze mizu. Chaka chatha ndinaphunzira mowawa. Ndinafesa pa nazale, n'kuzula ngati mpiru, mizu ili pamtunda. Mpiru umafota tsiku limodzi n'kudzuka, koma nkhaka zija zinagona mpaka kalekale. Pa mzere wonse inapulumuka imodzi, nayonso inabala tiwiri topindika, towawa ngati kwinini.

Masana sitinagwire kanthu. Dzuwa la Okotobala silofunika kuseweretsa. Ndinangopita kumsika kukagula tomato ndi usipa, n'kubwera ndi mitolo iwiri ya nsungwi zong'amba zopangira thandala.

Cha m'ma 4 koloko ndi pamene tinayamba. Bedi ndinalima sabata yatha n'kusakaniza ndi manyowa a mbuzi owola bwino. A nkhuku aawisi ndinakana ngakhale a neba anandipatsa aulere, amawotcha. Mapando ndinakumba motalikirana masentimita 45, mizere iwiri, ndipo phando lililonse ndinalimwetsa madzi kaye mpaka atalowa. Kenako ntchito yeniyeni: kugoneka jumbo pachikhatho, kuling'amba ndi lezala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kulivula pang'onopang'ono ngati mukusenda dzira lowiritsa. Dothi limatuluka lathunthu, timizu toyera titalizinga ngati ulusi. Limenelo ndi limene mumaika m'phando momwe lilili, thunthu osalikwirira kupitirira pamene linali, n'kutsindira m'mbali ndi zala, osati ndi chidendene.

Kamnyamata kanga kanapempha kuyesa nawo. Kanagwira mbande pathunthu n'kukoka, ndipo ndinangomva kuti thyo. Thunthu la nkhaka ndi madzi okhaokha. Kanayang'ana agogo ake misozi ili lengelenge, iwo n'kuti, "Usalire, bambo, mayi akowa chaka chatha anapha mzere wonse." Nkhani imeneyi ndinawauza ndekha pa foni, lero yandibwerera.

Zalowa pansi 21. Ndinathiriranso ndi kheni, ndinaphimbira bedi lonse ndi udzu wouma koma osaugunditsa kumathunthu chifukwa cha chiswe, ndipo ndinawaza phulusa mozungulira mbande iliyonse. Ena amati limathamangitsa mbozi zodula usiku zija. Ine ndimakhulupirira kwambiri tochi ya pa foni ndi zala zanga. Nsungwi ndazika lero lomwe, chifukwa kudzazika zitayamba kuyanga n'kudula mizu yomwe ndavutikira kuisamala. Zikagwira bwino, ndipo madzi akapanda kundichititsa manyazi, pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi tiyamba kuthyola.

Ndikutsuka m'manja, amayi anandifunsa ngati m'paketi mwatsala njere. Zinatsala zisanu ndi imodzi. Anatenga khasu, n'kupita kumapeto kwa bedi pafupi ndi mpanda, n'kuzidzala pansi mwachindunji, mapando atatu, n'kuvundikira ndi dengu lakutha lija kuti nkhuku zisafikepo.

"Tiona zoyamba kubala," anatero akupukuta manja pachitenje.

Panopa ndi 9 koloko, ndangobwera kumene kokayendera ndi tochi. Ziwiri za kumapeto zazolika pang'ono, zina zonse zaima. Mbozi ndapeza imodzi.