Chinthu chimodzi chokha ndiye chisinthe: zomwe ndamva pa nkhani zopeka za sayansi za ana

Mtima wanga wakhala pansi, anzanga. Chiyambireni gawo la nkhani zopeka za sayansi mu kosi yathu ya mabuku a ana, ndakhala ndikungozungulira pamodzimodzi, ndipo Lachiwiri lapitali ndi pomwe mfundo yotchedwa novum inandilowa. Ndati ndilembe msanga ndisanaiwale momwe inabwerera.

Za ampangankhani, tsatanetsatane wa nkhani ndi pampondachimera sindinenapo, tonse tinathana nazo ku sekondale. Vuto langa linali lina. Pa asayimenti yoyamba anati tilembe nkhani ya ana a zaka 10 mpaka 14, ndipo ine ndinakhuthuliramo zonse zomwe ndinali nazo m'mutu: minibasi youluka yonyamukira mu Limbe, loboti yophika nsima, foni yoika m'diso, sukulu ya pa Mars, zonsezo m'masamba 6. Ndinapereka ndikudziguguda pamtima. Pepala linabwera ndi 9 pa 25, ndipo pansi pake panali mawu atatu okha a bolopeni yofiira: "Novum ili kuti?" Ndinabwerera m'nkhani muja kuwerenga zinthu zatsopano, zinakwana 7. Nanga munthu angafunse bwanji kuti chatsopano chili kuti, zatsopanozo zili mbwee?

Liwu loti novum analitchukitsa ndi katswiri wa zolemba Darko Suvin, amene analifotokoza m'buku lake la 1979, ndipo m'manotsi mwathu linalembedwa kuti ndi chinthu chatsopano chomwe kulibe m'dziko lathu lino koma chimalongosoleka ndi nzeru za sayansi. Ndinaloweza mzere umenewo mpaka ndinkatha kuunena ndili mtulo. Koma unangokhala pakamwa, kumutu sunafike.

Chomwe chinandithandiza ndi buku lomwe ndinagula pa kaunjika wa mabuku mu msika, chikuto chake chong'ambika pakona, The City of Ember la Jeanne DuPrau, lomwe linatuluka mu 2003. Ember ndi mzinda wa pansi pa nthaka, ngakhale eni akewo sadziwa kuti ali pansi. Kulibe dzuwa, kulibe mwezi. Kuwala konse kumachokera ku mababu, ndipo mababuwo amayaka ndi jenereta imodzi yoyendetsedwa ndi mtsinje wodutsa kunsi kwa mzindawo. Omwe anaumanga anauwerengera zaka 200, koma nkhani ikamayamba ali m'chaka cha 241. Jenereta yatopa, magetsi akuthimathima, zakudya za m'zitini zikutha mosungira katundu. Ana akakwana zaka 12 amasiya sukulu n'kutola ntchito mwamwayi m'kathumba. Mtsikana wotchedwa Lina atola ntchito ya kumapaipi, mnyamata wotchedwa Doon atola yonyamula mauthenga, awiriwa asinthana, chifukwa Doon akufuna kukhala pafupi ndi jenereta ija aone ngati ingakonzeke.

Usiku wa Lachiwiri umenewo ndinali pakati penipeni pa bukuli magetsi a kwathu kuno atathima. Foni inali itatsala ndi moto wochepa, ndiye sindinafune kuyatsa tochi yake. Ndinafufuza pazenera mpaka ndinapeza kachidutswa ka kandulo, ndinakhwatcha machesi, ndinadontheza phula pa chivundikiro cha botolo n'kuimika kandulo ija. Ndisanabwerere pa tsamba lomwe ndinasiyira, ndinangoyang'ana bokosi la machesi lili m'manja mwangamo. Anthu a ku Ember alibe chimenechi. Alibe machesi, alibe kandulo, alibe tochi. Kuwala kwawo konse n'komangirira pa mawaya, palibe kuwala komwe munthu angakunyamule n'kuyenda nako.

Ndinatenga kope pomwepo n'kuyamba kulemba mofulumira, phula likudonthera papepala. N'chifukwa chiyani palibe amene anachokapo mu mzindawo? Chifukwa kumapeto kwa mababu kuli mdima, ndipo sungalowe mu mdimawo popanda chounikira. N'chifukwa chiyani kuthima kwa mphindi zochepa kumawanjenjemeretsa chonchija? Chifukwa kwa iwo kulibe mawu oti tidikire kuche. Meya akubisa katundu kuti adye yekha chifukwa akudziwa kuti zinthu zikutha. Ndipo chinthu chachikulu chomwe ana awiri aja apeza chakumapeto, chomwe chiwatsegulira njira yotulukira, ndi kandulo ndi machesi, zomwe ayenera kuchita kudziphunzitsa kagwiritsidwe ntchito kake. Mantha a anthu, malire a mzinda, umbava wa akuluakulu, chipulumutso cha ana, zonse zikumera pa tsinde limodzi.

Apa ndi pomwe ndinamva funso la bolopeni yofiira lija. Novum ndi chinthu chimodzi chomwe ukachizula, nkhani yonse imagwa. Mu nkhani yanga, ukachotsa loboti yophika nsima, amayi akanangophika okha ndipo palibe chikanasintha. Ukachotsa minibasi youluka, mwana uja akanakwera yoyenda pansi n'kukafikabe. Zinthu 7 zija zinali zokongoletsa chabe, ngati maluwa a pulasitiki pa tebulo la ukwati. DuPrau anasintha chinthu chimodzi, kenako anakhala pansi n'kulondola mokhulupirika kulikonse komwe chinthucho chikupita.

Ndipo mwana wa kuno sangavutike kulowa mu Ember. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima womwe unatsatira namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Mwana amene anawerengerapo mayeso pa kandulo akudziwa kale theka la bukuli. Chomwe bukuli likumuchotsera ndi kanduloyo basi, ndipo mwadzidzidzi kanthu komwe amakaona tsiku ndi tsiku pa okala kasanduka chinthu chodabwitsa.

Kutacha ndinapita kukayesa mfundoyi pa buku lina lomwe tinawerenga kumayambiriro kwa semesita, The Giver la Lois Lowry la 1993, lomwe linapata mendulo ya Newbery, mphoto ya mabuku a ana ku America, mu 1994. Nthawi ija ndinkadandaula kuti mulibe sayansi yooneka, mulibe zombo za mlengalenga. Tsopano ndinaona. Anthu a m'bukumo anasankha kuti zonse zikhale zofanana pofuna kuthetsa zowawa, ndipo zikumbukiro zonse za kale anazisenzetsa munthu mmodzi. Zotsalazo zikungotsatira: saona mitundu, sasankha ntchito, sasankha banja, ndipo apozi lija lomwe mnyamata wa m'bukumo, Jonas, aliona likusintha ali pakati poponyerana ndi mnzake ndi kufiira komwe maso ake ayamba kukuona koyamba. Tsinde limodzi kachiwiri. Ndinapezanso kuti H. G. Wells, yemwe analemba za makina oyendera nthawi mu 1895 ndi za munthu wosaoneka mu 1897, ananena zomwezi m'mawu oyamba a buku losonkhanitsa nkhani zake mu 1933. Mfundo yake inali yoti wolemba apemphe wowerenga kuti amuvomere chinthu chimodzi chosatheka, zina zonse zikhale zenizeni ndi zaumunthu, chifukwa pomwe chilichonse chingathe kuchitika palibenso chokopa mtima.

Tsopano njira yanga, yomwe ndikufuna aliyense wa m'kalasi mwathu aiyese. Pamwamba pa tsamba lemba chinthu chimodzi chosintha. Pansi pake funsa kuti "ndiye zitani?", uyankhe, ufunsenso pa yankholo, mpaka kasanu. Usalole chatsopano china kulowa pokhapokha chitabadwa kuchokera ku yankho lapitalo. Ukafika pa funso lachisanu, yang'ana kuti mwana wa zaka 12 waima pati m'dziko limenelo, ndipo chikumupweteka n'chiyani. Ine ndikukhulupirira kuti njira imeneyi ikhoza kukonza nkhani iliyonse yodwala, ndipo akanatipatsa sabata yoyamba, theka la kalasi likanakhoza asayimenti ija.

Onani momwe yandigwirira ntchito. Ndinalemba kuti: kwabwera kachipangizo kotchipa komwe kamanena tsiku lenileni lomwe mvula idzagwe m'mudzi uliwonse, chaka chathunthu isanagwe, ndipo sikaphonya. Ndiye zitani? Palibenso wodzala ndi chizimalupsa n'kudzadzalanso kachiwiri mbewu zitapserera. Zabwino. Ndiye zitani? Agogo aja omwe ankayang'ana mphepo, nyerere ndi kuphuka kwa mitengo n'kunena kuti konzani makasu, palibenso wowafunsa. Ndiye zitani? Mudzi womwe kachipangizo kanena kuti mvula idzakhala yochepa udziwika ndi aliyense, kuphatikizapo obwereketsa feteleza, ndiye ngongole aumana chaka chisanayambe n'komwe. Ndiye zitani? Mavenda afika ndi masikelo awo kudzagula chimanga chonse cha m'madera oyandikana, akudziwa kale komwe njala idzagwe ndi mwezi wake. Ndiye zitani? Amfumu ayamba kubisa zomwe kachipangizo kanena. Ndipo amene amatumidwa kukawerenga manambalawo ndi mtsikana wa Sitandade 7, chifukwa ndiye amadziwa kuwerenga bwino pabanja la amfumu. Iye yekha ndi amfumuwo ndi omwe akudziwa kuti chaka chamawa kulibe mvula, ndipo mnzake wapamtima wangomuuza kuti bambo ake agulitsa mbuzi zonse kuti agule feteleza.

Nditafika pamenepo manja anga ankanjenjemera. Mulibe loboti, mulibe Mars, koma ndi nkhani ya sayansi kuposa yoyamba ija, ndipo ndikufuna kudziwa chomwe mtsikanayo achite. Ndinamuwerengera mdzukulu wa achemwali anga, wa zaka 11, masamba atatu oyamba. Sanayang'ane kumbali ngakhale kamodzi, ndipo nditasiya anandifunsa kuti, "Ndiye amuuza mnzakeyo kapena ayi?"

Chomwe chikundiwawa ndi nthawi yomwe yapita. Masabata 5 tinakhala tikukopera matanthauzo pa bolodi. Aphunzitsi athu ndi munthu wowerenga kwambiri, zimenezo palibe angatsutse, koma amalankhula ngati tonse tinakulira m'nyumba zodzaza mabuku otere. Ambirife tinakula ndi nthano za Kalulu ndi Fisi komanso mabuku a mayeso, nkhani ya sayansi tinkangoionera m'mafilimu a m'mashowu, momwe chachikulu chimakhala mfuti za moto ndi zombo zophulika. Ndiye ukatiuza kuti lembani nkhani ya sayansi, ife tithamangira zomwezo. Nditapita ku ofesi kukafunsa tanthauzo la mawu atatu aja, anandiuza kuti ndikawerengenso manotsi, akuthamangira ku msonkhano. Mphindi khumi zokha ndi buku limodzi patebulo, kufunsa kuti tikachotsa ichi chitsala n'chiyani, zikanakwana. Laibulale nayo ili ndi makope awiri a buku lililonse la pa kosi, ife tilipo oposa 60, ndiye buku limakufika sabata ya mayeso. Pano asayimenti yachiwiri yatsala masiku 9, pomwe ndangoyamba kumene kuona njira, ndipo makosi ena anayi nawo akudikira.

Koma pali buku lina lomwe likundisowetsa mtendere, ndipo ndinene chilungamo. Mnzanga wa m'chipinda anandibwereka The Ear, the Eye and the Arm la Nancy Farmer, la 1994. Mayiyu anakhalapo ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, ndipo nkhani yake anaiika mu Harare wa chaka cha 2194. Ana atatu a mkulu wa asilikali, Tendai, Rita ndi Kuda, athawa panyumba n'kusochera mu mzinda. M'bukumo muli maloboti ogwira ntchito zapakhomo, muli galu wa makina, muli hotela yotalika mailosi imodzi yathunthu, muli ofufuza atatu obadwa ndi matupi achilendo, muli mudzi wotchingidwa ndi mpanda momwe anthu akukhalabe ngati makolo akale, ndiponso muli mizimu, mhondoro wa Ashona, amene akutenga mbali yeniyeni pampondachimera pa nkhani. Ndayesa kulemba chinthu chimodzi pamwamba pa tsamba, ndalephera. Ndayesa kufunsa kuti "ndiye zitani?", mafunsowo akungobalalika. Komabe bukuli ndinalimaliza m'masiku awiri, ndipo linalandira ulemu wa Newbery mu 1995.

Ndiye mwina tsinde la bukulo lilipo koma maso anga sanalione. Mwina tsindelo ndi chaka cha 2194 chenichenicho, kapena ndi ana oleredwa mumpanda omwe sanapondepo msewu. Kapena mwina lamulo la chinthu chimodzi ndi lothandiza ife ongoyamba, ndipo amene dzanja lake lakhwima amatha kunyamula zambiri osagwetsa. Za mizimuzo ndiye zandiimitsa mutu kwambiri. Suvin angati zimenezo zatuluka m'malire a sayansi. Koma mu nkhani yanga ya mvula, agogo aja akapita kukathira nsembe pansi pa mtengo, kenako mvula n'kugwa tsiku lomwe kachipangizo kanati kulibe, ndiye kuti ndaononga nkhani, kapena ndi pomwe yafika kwathu? Ndalemba chigawo chimenecho kawiri n'kuchifufuta kawiri. Pano tsamba la 4 lili ndi mzere umodzi wokha, mtsikana uja ataima pakhomo pa mnzake, ndipo sindinasankhe ngati agogoda.