Kamuvi pa sikirini, 5f m'fayilo

Kwa masabata awiri ndimaganiza kuti laputopu yanga ndi yodwala. Lachitatu usiku ndi pomwe ndinatulukira kuti makinawo alibe mlandu, ndipo ndati ndilembe mutu usanazizire.

Pa kosi ya object-oriented programming anatipatsa khodi yakale ya chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Smalltalk kuti tiiwerenge.  Mnzanga wa chipinda chimodzi anatsegula fayiloyo mu Squeak yakale, pulogalamu yolembera Smalltalk, imene anaitenga kwa mkulu wina wa chaka chachinayi, ndipo pa sikirini pake mzere wina unkaoneka motere: total ← total + 1. Ine ndinaitsegula mu Notepad++, mzere womwewo n'kutuluka total _ total + 1. Fayilo imodzi, kuchokera pa flash imodzi, koma kwa iye muvi, kwa ine kamzere kapansi. Ndinakoperanso kawiri. Ndinasintha encoding uku ndi uku, osaphula kanthu. Mnzangayo n'kumangoseka: "Aise, makina a pa kaunjikawa akudyera mivi yonse."

Lachitatulo, magetsi atazima ndipo batire itatsala pang'ono, ndinatopa nazo n'kutsegula Git Bash, kulemba xxd (kapulogalamu koonetsa mabayiti a fayilo ngati manambala a hex) ndi dzina la fayilo. Ndinatsata mzerewo ndi chala pa sikirini: 74 6f 74 61 6c, ameneyo ndi total, kenako 20 wa mpata, kenako 5f. Ndinamudzutsa mnzanga uja kuti asunge fayiloyo kuchokera mu Squeak yake andipatse. Ananyinyirika koma anapereka. Pamalo pomwepo panalinso 5f. M'fayilo yake munalibe muvi ngakhale umodzi.

5f ndi 95 pa kawerengedwe kathu ka masiku onse. Chimene chili pa disiki ndi nambala 95 basi. Muvi uja amajambula ndi fonti. Fonti yakale ya Squeak ikapatsidwa 95 imajambula muvi woloza kumanzere, fonti ya Notepad++ ikapatsidwa 95 yomweyo imajambula kamzere kapansi, ndipo compiler, pulogalamu yomasulira khodi, siona chilichonse mwa ziwirizi, imangowerenga 95. Mukhoza kunena kuti zimenezi n'zodziwikiratu. Inenso ndikanayankha choncho pa mayeso, kuti zilembo ndi manambala. Koma kuloweza ndi kwina, kuona 5f m'mafayilo awiri amene maso ako akulumbira kuti ndi osiyana ndi kwinanso.

Magetsi atabwera ndinawotcha bando yonse kufufuza kuti zinayamba bwanji. ASCII ndi ndondomeko yopatsa zilembo manambala, ndipo yoyamba, ya 1963, inalibe kamzere kapansi. Pa 95 panali muvi wa kumanzere, pa 94 panali muvi woloza kumwamba. Mu 1967 anaikonzanso, 95 n'kukhala kamzere kapansi, 94 n'kukhala kachisoti kaja ka ^. Koma ku Xerox PARC, kumene Alan Kay, Dan Ingalls, Adele Goldberg ndi anzawo ankapanga Smalltalk, anapitiriza ndi mivi yawo, ndipo Smalltalk-80 inatuluka ikugwiritsa ntchito ← poika chinthu mu variable ndi ↑ pobweza yankho la method (kachigawo ka khodi kogwira ntchito imodzi). Squeak itabadwa mu 1996 inatengera chikhalidwe chomwecho. Apa m'pamene ndinadzimenya pachipumi, chifukwa ^ uja ndakhala ndikumulemba mu method iliyonse osadzifunsa kuti kachisoti kakukhudzana bwanji ndi kubweza yankho. Si chisoti ayi, ndi muvi umene unaduka mchira mu 1967. Ukuloza kumwamba, kwa amene anapempha yankholo.

Masiku ano Smalltalk amalemba := ndipo ndi zimene zili mu muyezo wa ANSI wa 1998. Pharo, Smalltalk ina yochokera ku Squeak, siilandira n'komwe kamzere kapansi ngati assignment (kuika chinthu mu variable kuja), pomwe Squeak ili ndi preference yoti ukalole kapena ukakane. := ndi mabayiti awiri enieni, 3a ndi 3d, ndipo pafupifupi fonti iliyonse imawaonetsa chimodzimodzi. Palinso muvi weniweni wa Unicode, ndondomeko yaikulu ya zilembo ya masiku ano, U+2190, umene mu UTF-8 ndi e2 86 90, mabayiti atatu. Ndiye kuti ukaona muvi pa sikirini sungadziwe ngati pansi pake pali bayiti imodzi, awiri kapena atatu mpaka utasuzumira.

Ndati awiri chifukwa cha R, imene timaigwiritsa ntchito pa statistics. <- wa R ndi muvi womwewo, wolumikiza ndi zilembo ziwiri chifukwa kiyibodi zathu zilibe batani lake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti S, kholo la R lochokera ku Bell Labs, nayonso inkalola kamzere kapansi ngati assignment, ndipo R inadzakachotsa mu 1.8.0, chaka cha 2003. N'chifukwa chake khodi yakale ya R yadzaza ndi mayina a madontho ngati data.frame: ukanalemba data_frame nthawi imeneyo, ukanakhala ukuuza makina kuti aike frame mu data. Ndakhala chaka chonse ndikudandaula kuti madonthowa ndi uve wa olemba R, osadziwa kuti ndi 95 yemwe uja.

Tsopano ndinene za aphunzitsi, pang'ono chabe. Sabata yoyamba ndinawafunsa m'kalasi za kamzereka. Anayang'ana pa sikirini masekondi awiri n'kunena kuti, "Ingochitani find and replace, muike colon equals, zimenezo sizibwera pa mayeso." Ndinayesa. Replace inalowanso m'ma string ndi m'ma comment momwe munali kamzere kapansi kosalakwa, n'kuwononga. Sindikuti sadziwa, mwina amadziwa bwino lomwe, koma semesita yathina, silabasi ndi yaitali, ife tilipo ambiri m'kalasi imodzi, ndiye funso lililonse losabwera pa mayeso limaoneka ngati lakuba nthawi. Komabe mphindi zitatu zikanakwana. Kulemba 95 pa bolodi, mivi iwiri, chaka cha 1963 ndi 1967, basi. Masabata awiri anga akanapulumuka, pamodzi ndi bando ija. Choseketsa n'chakuti mawu oti assignment akamveka m'kalasi mwathu aliyense amafunsa kuti yopereka liti.

Chichokereni Lachitatu ndasanduka mlaliki wa xxd. Chilichonse chokayikitsa ndikuchitsegula mu hex. M'fayilo yomwe ija ndinapezanso kuti mizere ikuthera pa 0d yekha, popanda 0a, monga zinkakhalira pa Mac akale. Mtsikana wina wa m'gulu lathu Python yake inkakana mzere wooneka bwinobwino umene anakopera pa PDF, ndipo titasuzumira tinapeza kuti minus yake sinali 2d koma kamzere kena ka mabayiti atatu. Ndikanakhala ine wokonza silabasi, sabata yoyamba ya chaka choyamba ikanakhala ya hex yokhayokha, ana asanaone IDE yolemberamo khodi. Mnzanga uja akuti ndikukokomeza, kuti munthu akagula hamala yatsopano amangoyendayenda kusaka misomali m'nyumba. Mwina. Koma pakadali pano sichinandigwiritse mwala.

Pamene ndakakamira ndi pa fonti ya Fira Code. Ndinaiika mu VS Code, n'kuyatsa ma ligature, ndipo <- amasanduka muvi wosalala, != n'kukhala ≠. Zokongola zedi. Koma ukayendetsa cursor pa muviwo imaima pakati pake, ukadina backspace umatsala ndi < yekha. Ndi bodza lomwe lija la Squeak, kungoti lavala suti. Mbali ina bodzali limathandiza: mu R, x<-5 amaika 5 mu x pomwe x < -5 amafunsa ngati x ndi wochepera -5, kusiyana kwake mpata umodzi, ndipo fonti ikajambula muvi pamene umafuna kufunsa, diso limagwira msanga. Mbali inayo, ndangotaya masabata awiri chifukwa chokhulupirira zojambula za fonti.

Ngakhale pa funso loti chizindikiro chabwino n'chiti sindinakhazikike. Mtima wanga uli pa muvi, chifukwa total = total + 1 aphunzitsi anga a masamu a ku sekondale akanaidula ndi cholembera chofiira, ndipo akanakhoza. Fortran inasankha = kalelo mu 1957, ALGOL ndi Pascal zinasankha :=, C inabwerera ku = n'kutisiyira == woti tizimuiwala m'ma if. Python inadzabweretsa := mu 3.8, chaka cha 2019, koma pa ntchito ina, ndipo mkangano wake unali woopsa moti Guido van Rossum, amene anayambitsa Python, anatula pansi utsogoleri mu 2018 nkhaniyo itangogamulidwa. Ngati akuluakulu amenewo anakangana chotere, kaya ine. Mwina ndikukonda muvi chifukwa choti ndauvutikira basi. Ma ligature ndawazimitsa dzulo, lero m'mawa ndawayatsanso, ndipo assignment inayo, yopereka Lachisanu, sindinaiyambe.