Lachinayi: kukacheza ndi agogo odwala sitiroko

Lero gulu loyendera odwala la kumpingo kwathu linali pakhomo pa agogo ena aamuna amene anadwala sitiroko. Mbali yakumanja yafa, mawu akutuluka movutikira, koma nzeru zili bwinobwino. Ana awo ndiwo anapempha kuti tikawaonetse kasamalidwe kake. Tinafika cha m'ma 7 koloko, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo.

Tinayamba ndi kuyang'ana khungu. Munthu wogona tsiku lonse amatuluka zilonda pamene fupa lakanikiza pogona: kumunsi kwa msana, m'chiuno, pazidendene, pazigongono ndi m'mapewa. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye muziyang'ana malo amene ada kuposa ena, akutentha kapena aumirira. Agogowa tinawapeza ndi malo otere pachidendene. Musatikitepo, chifukwa kutikita kumawononga mnofu umene wafooka kale. Chofunika n'kuwatembenuza maola awiri alionse, ndi usiku womwe, kuika pilo pakati pa mawondo, ndi ina pansi pa akatumba kuti zidendene zisakhudze matiresi. Potembenuza musakoke dzanja lakufalo, phewa limatha kuguluka. Gwirani kuphewa ndi m'chiuno, kapena anthu awiri agwire chitenje chimene agonerapo, wina uku wina uku.

Vuto linabuka pa nkhani yosamba. Mabeseni awiri anali atakonzedwa, lina la madzi asopo lina lotsukuluzira, ndi tinsalu tiwiri. Agogo atangoona anatembenuzira nkhope kukhoma. Ana akuti n'chimodzimodzi masiku onse, ndipo ena anayamba kuganiza kuti ndi nkhanza za ukalamba. Si nkhanza ayi, ndi manyazi. Bambo amene anamanga nyumba yomwe mukukhalamoyo, amene moyo wake wonse anali wopatsa, lero avulidwe ndi ana ake? Choyamba amayi onse anatuluka, chitseko n'kutsekedwa, munatsala mwana wawo wamwamuna ndi mkulu wa mpingo. Mwambo wathu uli ndi nzeru pamenepa ndipo tisaupeputse.

Mkuluyo sanawakakamize. Anatsegula Yohane 13, pamene Yesu anavula chovala chake, n'kudzimanga nsalu m'chiuno kuti asambitse mapazi a ophunzira. Petro anakana kwamtuwagalu, ndipo Ambuye anamuuza kuti akapanda kumusambitsa alibe gawo ndi Iye. Ambiri tikamawerenga mutuwu timathamangira ku vesi 14, yotiuza kuti tizisambitsana mapazi, n'kulumpha vesi 8, ya kukana kwa Petro kuja. Koma kutumikira n'kopepuka poyerekeza ndi kulola kutumikiridwa. Wotumikira amakhalabe ndi mphamvu m'manja, pamene wosambitsidwa watula zonse. Ine ndikuona kuti kugonjera chikondi cha Mulungu kumavuta pomwepa: timafuna kumubweretsera kanthu, pamene Iye akufuna kuti tiyambe tatambasula mapazi afumbiwo. Kwa agogowa, chikondi chimenecho lero chinabwera m'manja a mwana wawo. Mwanayo anagwada n'kunena kuti, "Ababa, ndiloleni, inunso munandisambitsapo." Patapita kanthawi agogo anagwedeza mutu.

Kasambitsidwe kake ndi aka. Yambani kumaso, kenako manja, chifuwa, miyendo ndi msana, kumalo obisika pomalizira ndi kansalu kakekake. Vundukulani pokhapo mukusambitsa, kwina konse kukhale kofunda. Pukutani bwino m'khwapa ndi m'mphechepeche, poti chinyontho chimasupula khungu. Povala malaya, dzanja lodwala ndilo liyambe kulowa. Povula, lituluke pomalizira. Dzanja lamanzere likugwira ntchito, choncho apatseni kansalu adzipukute okha kumaso. Kuwachitira zonse kumawafooketsa thupi ndi mtima womwe.

Cha m'ma 10 koloko inali nthawi ya phala. Apa mpamene mabanja ambiri amalakwitsa chifukwa cha chifundo: amadyetsa wodwala chogona, phala lake lamadzimadzi kuti ati lisavute kumeza. Kwa ambiri odwala sitiroko zamadzimadzi ndizo zimatsamwitsa, zikalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Akhale tsonga, phala lansinjiro likhale lolimbirako, supuni yaing'ono, ndipo mudikire ameze musanawonjezere. Yang'anani m'tsaya lakufalo, chakudya chimabisala mmenemo. Akatha akhalebe tsonga kwa mphindi 30. Akamakhosomola pomeza paliponse, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, kawauzeni achipatala.

Tinaonanso mankhwala a BP. Papaketi panaoneka kuti masiku ena analumphidwa. Tinanena mosapsatira kuti kupemphereredwa si chifukwa chosiyira mankhwala, ndipo kuwasiya kungabweretse sitiroko yachiwiri.

Mapemphero anali aafupi, osapitirira mphindi 15, chifukwa wodwala amatopa msanga. Nyimbo imodzi imene agogo amaikonda, Salimo 23, ndi pemphero. Chokondweretsa n'chakuti poimba mawu ena anawatulutsa bwino kuposa polankhula, zimene zimachitika ndithu kwa ena odwala matendawa, ndiye banja liziimba nawo madzulo alionse. Tinapempha alendo kuti asamakambirane za agogo ngati palibepo, komanso asamafufuze kuti analakwanji. Funso lotero Yesu analiyankha kale pa Yohane 9:3, pamene ananena za munthu wobadwa wosaona kuti sichinali chifukwa cha tchimo lake kapena la makolo ake.

Tisanachoke tinalemba ndandanda papepala n'kumata kuchitseko, chifukwa ntchito yonse inagwera mwana wamkazi mmodzi amene maso ake akuchita kuonetsa kuti sakugona. Usiku azisinthana anthu awiri, mdzukulu azitunga madzi, achimwene awo a kutauni azitumiza ya sopo ndi thiransipoti ya kuchipatala. Amayi awiri a mumpingo adzabwera Loweruka kudzachapa zofunda kuti mayiyo akapume. Chidendene chija tidzachionanso Lachinayi likubwerali, koma khungu likang'ambika tsikulo lisanafike, asadikire ife, apite nawo kuchipatala.