Tinapita ku Murano kukafunsa za galasi lonyezimira

Tinanyamuka ku Manchester tili asanu ndi atatu, tonse a gulu lathu lopanga mikanda lomwe limakumana Loweruka. Atatu ndife a ku Malawi, mmodzi ndi mayi wa ku Chipata, otsalawo ndi eni dziko. Ndalama za ulendo tinasonkha chaka chathunthu mwa chipereganyu. Aliyense anali ndi chake chomutengera ku Italy, koma ine chondisowetsa tulo chinali goldstone, galasi lofiirira lonyezimira ngati golide. Ndinagula mikanda yake yothyokathyoka motchipa, n'cholinga choti ndiziisungunula n'kukokamo tiulusi tokongoletsera mikanda yanga. Koma ndikangoiika pa lawi, kunyezimira konse kunkathawa, n'kutsala chinthu chofiirira ngati katondo. Zinkandiwawa mtima.

Ku Venice tinakwera boti pa Fondamente Nove, ndipo posakhalitsa tinali titafika. Murano ndi tizilumba tolumikizidwa ndi milatho. Amisiri a galasi anawasamutsira kumeneko mu 1291, boma la Venice litaopa kuti ng'anjo zawo zidzayatsa mzinda. Tinayambira ku Museo del Vetro, nyumba yosungiramo mbiri ya galasi yomwe inakhazikitsidwa mu 1861. Kumeneko dzina loti goldstone silimveka, eni ake amati avventurina. Si mwala, ndipo golide mulibemo ngakhale pang'ono. Ndi galasi losungunulidwa pamodzi ndi mkuwa m'ng'anjo yopereweramo mpweya, kenako n'kulisiya kuti lizizire pang'onopang'ono, mpaka mkuwawo uundane kukhala tizidutswa tosalala tomwe timabweza kuwala. Mbiri yake imamangirizidwa ku banja la Miotti, m'zaka za m'ma 1600. Dzinalo linachokera ku mawu otanthauza mwayi, chifukwa ngakhale mmisiri wodziwa sankatsimikiza chomwe akapeze akaswa mphika.

Nditamva zimenezi ndinayamba kuona pomwe ndinkalakwitsa. Chomwe chinatenga nthawi yaitali kuti chiundane, ine ndinkachiponya pakati penipeni pa moto.

Tsiku lachiwiri ndilo linali lenileni. Tinalandiridwa m'kachipinda ka mayi wina wachikulire, mmodzi mwa omwe kumeneko amawatcha perlere, amayi oumba mikanda pa lawi. Ntchitoyi amati a lume, poti kale ankagwiritsa ntchito nyale ya mafuta ndi mvukuto, ngakhale lero ndi gasi. Chingerezi sankachidziwa kwenikweni, mdzukulu wawo ndiye ankamasulira. Ndinawaonetsa mikanda yanga yopserera ija. Anaitembenuza m'manja, n'kundikodola kuti ndikhale pafupi.

Anayamba ndi kuswa mkanda umodzi wa goldstone pakati. Bowo la mkanda limasunga mpweya, ndipo ukaukuta osauswa, umatsekeramo thovu lomwe limadzadula ulusi. Anatsuka kachidutswako, n'kukaika pambali pa moto kuti kafunde kaye, chifukwa kozizira kakakumana ndi lawi mwadzidzidzi kamangoti thethethe, kubalalika patebulo ponse. Atatero anakamatiza kunsonga ya ndodo ya galasi, n'kutenga ndodo ina yoyera ngati madzi, kuyamba kukakuta mzere ndi mzere, monga momwe timazirira nyumba, osasiya mpata ngakhale wa singano. Chinsinsi chonse chagona pamenepa. Mkuwa ukakhala pamtunda umapsa ndi mpweya wa m'lawi n'kuda, ndipo ukatenthedwa mopitirira umasungunukiranso m'galasi. Chovala choyeracho chimautchinga, komanso chimakuza kunyezimira kwake.

Mpirawo anautenthera kutali, kunsonga ya lawi, akuupotoza osapuma. Utafewa anautulutsa, n'kudikira kamphindi mpaka kufiira kutayamba kuzirala, ndiye anagwira mbali inayo ndi chopanira n'kukoka. Poyamba pang'onopang'ono, kenako mofulumirirapo. Panatuluka ulusi wautali ngati mkono wonse, woonda ngati udzu wa tsache, ukuti waliwali kuyambira uku mpaka uko. Amayi a ku Chipata anaomba m'manja, n'kunditsina pamkono amvekere: "Achemwali, papsa tonola, sudziwa mtima wa moto." Ananena zoona, ine ndinkachedwa kutulutsa.

Tonse tinayesa, titavala magalasi otchinga maso ku kuwala kwachikasu. Ulusi wanga woyamba unaduka chifukwa ndinakoka galasi likadali lamadzi. Wachiwiri unali wonenepa kwina, woonda kwina. Wachitatu unatheka, ndipo manja anga ankanjenjemera poukulunga pa mkanda wakuda womwe ndinali nditaumba pa kachitsulo. Apanso anandigwira dzanja: mkanda ukhale pansi pa lawi, ulusi ungokhudza m'mphepete, apo ayi ufota n'kusanduka kampira.

Pali chenjezo lomwe ndikufuna anzanga onse a ntchitoyi alimve. Galasi lililonse lili ndi muyeso wake wa kufufuma likatentha ndi kubwerera likazizira, womwe amautcha COE. Ndodo zomwe ambirife timagula, monga za Effetre zopangidwa pa Murano pomwepo, ndi za COE 104. Mikanda ya goldstone ya m'misika siilembedwa nambala. Choncho uikemo pang'ono, galasi lako lodziwika lichuluke, ndipo uyese mkanda umodzi usanapange makumi awiri oti ugulitse. Mkandawo ukatha, ugone m'ng'anjo pa madigiri Celsius pafupifupi 510, kenako uzizire mosathamanga.

Madzulo anatitulutsira mikanda yakale ya fiorato, yojambulidwa timaluwa ndi mizere ya avventurina yokhotakhota. Anatiuzanso za impiraresse, amayi a ku Venice omwe ankakhala pakhomo ndi thireyi yamatabwa pamiyendo, kutunga timikanda ting'onoting'ono ndi singano zambiri nthawi imodzi. Mu 2020 UNESCO inalemba luso la mikanda yagalasi la ku Italy ndi France m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu. Ife Amalawi tinayang'anana. Mikanda yambiri yomwe amalonda achiyao ankabwera nayo kuchokera kugombe, ku Kilwa ndi kwina, inkapangidwa ku Venice, ina ku Bohemia ndi ku India. Ndinakumbuka agogo anga aakazi atakhala pamphasa, akutunga yofiira ndi yoyera ya m'chiuno. Kumbali inayi ya nyanja kunalinso mayi atakhala pakhomo, akutunga yomweyo. Misozi inalengeza, ndipo sindinaibise.

M'mawa mwake tinapita kukatenga mikanda yathu m'ng'anjo. Wanga unatuluka wathunthu, mzere wa mkuwa ukuthwanima pa chakuda, kupatula kadontho kamodzi kofiirira pomwe galasi loyera silinafike. Ndinagula ndodo zoyera theka la kilogalamu, ndipo m'boti pobwerera tinagwirizana kuti Loweruka likubwerali aliyense abweretse goldstone yothyoka yomwe ali nayo kunyumba.