Madzi a padenga ayamba kulowa m'thanki

Usiku wa Lachiwiri mvula inagwa kwa nthawi yoposa ola limodzi kuno ku Kalongwezi mu Chipata, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito imeneyi madzi onse a mbali yakumbuyo ya denga lathu analowa m'thanki m'malo mokhuthukira pakhomo la khitchini. Ndinadzuka ndi tochi n'kukaima pafupi ndi thankiyo, ndipo ndinamva phokoso limene ndakhala ndikulilakalaka kwa milungu isanu, la madzi ogwera m'thanki yopanda kanthu, lolira ngati ng'oma, limene linkamka lichepa pamene madziwo ankakwera. Kutacha ndinaviikamo nsungwi youma ndipo inanyowa masentimita 31. M'thanki yangayi sentimita iliyonse ndi malita pafupifupi 15, choncho usiku umodzi wokha tinakolola malita oposa 450.

Maganizo okolola madzi a mvula ndinayamba nawo m'chaka cha 2024, nthawi ya chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola ambiri, ndipo masiku ena mpopi wathu unkangotulutsa mpweya. Kuona akazi anga ndi ana akuyenda ndi zidebe kukapempha madzi kwa anansi amene ali ndi chitsime kunkandipweteka mtima, makamaka podziwa kuti chaka chabwinobwino Chipata amalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 1,000, ndipo yonseyo imatsika pa malata athu n'kukakumba ngalande m'misewu. Masamu ake ndi osavuta: milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Mbali yakumbuyo ya denga langa ndi mamita 12 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, kuyezera pansi, kutanthauza masikweya mita 48. Mvula ya mamilimita 60 ikwanira kudzaza thanki ya malita 2,500 ngakhale titachotserapo madzi otayika.

Pokhazika thanki sipanandivute. Ndinamanga chiunda cha njerwa kungodya yakum'mawa, chotalika masentimita 45, ndinadzazamo miyala ndi dothi losinja bwino, kenaka ndinathira konkiriti pamwamba n'kusalaza. Thanki yodzaza imalemera matani awiri ndi theka, ndipo pansi pake ponse payenera kukhala pa malo osalala. Izi ndinaziphunzira zaka zapitazo pamene tinakhazika thanki ya alamu anga ku Katete pa matabwa atatu otalikirana, ndipo pasanathe chaka pansi pake panali patatupa m'mipata ya matabwawo.

Chimene chinandidyera masiku ndi gutter, ngalande yolandira madzi m'mphepete mwa denga. Ndinagula ya pulasitiki, ndinakhoma mabulaketi pa thabwa la fascia, lija la m'mphepete mwa denga, motalikirana mita imodzi, ndipo popeza thanki ili kum'mawa, ndinafuna kuti madzi atsetserekere komweko. Ndinayeza kuchokera m'mphepete mwa thabwalo chakumwamba, ndipo bulaketi yomalizira ya kum'mawa ndinaitsitsa masentimita 4 poyerekeza ndi yoyamba ya kumadzulo. Ndinamanga chingwe pakati pa ziwirizo, mabulaketi ena onse anatsatira chingwecho, ndipo poyang'ana ndili pansi ntchitoyo inkaoneka yaukhondo ndithu.

Chizimalupsa atagwa kumapeto kwa Okutobala, zonse zinaonekera poyera. Madzi anadzaza gutter chakumadzulo, anasefukira pa chitsekero cha kumapeto, n'kukhuthukira pakhomo penipeni pa khitchini. Thumba la makala limene linali pamenepo linanyowa lonse, matope anathovukira pakhoma limene ndinapaka laimu chaka chomwe chino, ndipo m'thanki munangolowa madzi osakwana n'chidebe chomwe. Mvula itakata ndinakwera makwerero ndipo ndinapeza madzi ataima m'gutter chakumadzulo, akuya ngati zala ziwiri. Madzi oima otero ndi malo oswerana udzudzu, ndipo kuno kuchigawo cha kum'mawa malungo si nkhani yoseweretsa.

Poyamba ndinaganiza kuti gutter yabwafuka chifukwa cha kulemera kwa madzi, choncho ndinagula mabulaketi ena n'kuwakhoma m'mipata ya akale aja, mwakuti anayandikana theka la mita. Ntchito imeneyo inanditengera Loweruka lathunthu ndili pa makwerero, dzuwa la Novembala likuwotcha malata moti sankagwirika, koma palibe chinasintha. Tsiku lina ndinakayikira potulukira madzi, poganiza kuti masamba a mango atsekapo, koma ndinapeza kuti mpoyera. Kenaka ndinamata silikoni pa chitsekero cha kumadzulo, zimene zinangochititsa kuti madzi oima aja achuluke. Madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito mwana wanga wamwamuna ankandipatsira zidebe, ine n'kumathira pakatikati pa gutter, ndipo nthawi zonse madziwo ankayamba aima pang'ono, kenaka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumadzulo. Ndikaikapo levulo, chipangizo choyezera ngati chinthu chalingana, kathovu ka m'kati mwake kankakhala pakati pa mizere yake iwiri ngati kuti zonse zili bwino. Ndinafika poikayikira levuloyo, ndinaitembenuza mbali zonse ziwiri pa malo amodzi monga timachitira poiyesa, ndipo inapezeka kuti ilibe vuto.

Amene anandimasula ndi bambo wina wachikulire wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, mmisiri womanga nyumba amene anapuma kalekale. Ankadutsa pochokera ku mapemphero a madzulo, anaima pampanda n'kundiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Kodi mwana wanga, amene anakuuzani kuti thabwa limenelo n'lolingana mbali zonse ndani?" Ndinayankha kuti, "Palibe, abambo, ndinangoliona ndi maso." Iwo anati, "Levulo ya m'manja ndi ya pa chitseko ndi pa zenera. Mtunda wautali chotere umafuna paipi ya madzi. Mawa ndibwera nayo."

M'mawa mwake anabweradi ndi paipi yopyapyala yoonekera m'kati, yotalika mamita 15, yofiirira chifukwa cha ukalamba. Ambiri a inu mukuidziwa njira imeneyi, koma ndifotokoza momwe iwo anachitira, chifukwa kusamala kwawo n'kumene kunandigwira mtima. Sanadzaze paipiyo pampopi. Anaika chidebe pamwamba pa tebulo, anathiramo tiyi wotsala kuti madziwo azioneka bwino, anayamwa mbali imodzi ya paipi n'kusiya madzi kuti aziyenda okha mpaka thovu lonse litatuluka. Anati kathovu kamodzi kotsalira m'kati kakhoza kunamiza munthu ndi sentimita yathunthu. Atatero anagwirizanitsa nsonga ziwiri za paipiyo kuti aone ngati madzi aima pamlingo umodzi, ndipo ataona kuti alingana, anandipatsa nsonga imodzi kuti ndipite nayo kungodya yakum'mawa, iwo n'kutsala kumadzulo. Tinadikira kuti madzi asiye kugwedezeka, ndipo aliyense analemba mzere pakhoma ndi pensulo. Mizere iwiriyo inali pamlingo umodzi weniweni ngakhale inatalikirana mamita 12. Kuchokera pa mzere kufika m'mphepete mwa thabwa la fascia, kum'mawa tepi inawerenga masentimita 112, pamene kumadzulo inawerenga 105.

Denga langa ndi lotsika masentimita 7 kumadzulo. Ine ndinatsitsa gutter masentimita 4 kulowera kum'mawa poyezera pa thabwa limene lokha linali litapendekera kale kumadzulo, choncho zotsatira zake zinali zoti gutter inatsetserekera kumadzulo ndi masentimita 3. Chifukwa chimene levulo sinandiuzire n'chakuti ndi yaifupi, masentimita 60 okha. Kupendekeka kwa masentimita 3 pa mamita 12 kumangokhala milimita imodzi ndi theka pa utali wa levuloyo, ndipo kathovu kamasuntha pang'ono kwambiri moti munthu amene waima pa makwerero, thukuta lili m'maso, sangakaone. Bambo aja anandisonyezanso kamng'alu kowongoka m'pulasitala, kuchokera pansi kufika kudenga, pamene khitchini inalumikizidwa ndi nyumba yakale. Eni ake oyamba anaimanga pambuyo pake, ndipo khoma lake linathera pansi pang'ono. Ndakhala m'nyumba imeneyi zaka zisanu ndi zitatu ndipo kamng'aluko ndinkakaona tsiku ndi tsiku osadziwa chimene kankatanthauza.

Kudziwa vuto sikunathetse zonse nthawi yomweyo. Kuti madzi apite kum'mawa ndi kutsetsereka kwa sentimita imodzi pa mamita awiri alionse, ndinafunika masentimita 6 enieni, kuphatikizapo 7 a kupendekeka kwa denga, onse pamodzi 13. Gutter yotsika masentimita 13 kuchokera kunsonga ya malata siingagwire madzi a mvula yamkuntho ngati imene imatigwera mu Januwale, chifukwa madziwo amatsika ndi liwiro n'kuilumpha. Kusuntha thanki sikunali kotheka, popeza kumadzulo kuli njira yolowera kuseri ndiponso chiunda chija ndinali nditachimanga kale. Ndinagona nazo masiku awiri, ndipo pomaliza ndinasankha kugonjera denga. Ndinazula mabulaketi onse, ndinatseka mabowo akale ndi utuchi wosakaniza ndi guluu kuti madzi asaoletse thabwa, ndipo ndinawakhomanso motsatira thabwalo mmene lilili, zimene zinandipatsa kutsetsereka kwa masentimita 7 kulowera kumadzulo. Potulukira madzi ndinapasamutsira komweko, ndipo kuchokera pamenepo paipi ya PVC ya mamilimita 75 ikubwerera kum'mawa motsamira khoma, kudutsa pamwamba pa chitseko cha khitchini ndi zenera la kuchipinda, kutsika masentimita 15 mpaka kukafika pakamwa pa thanki. Ulendo uno malo a chogwirira chilichonse ndinawayeza ndi paipi ya madzi ija ndisanaboole khoma. Ndikudziwa kuti ena a inu munena kuti madzi akuyenda ulendo wautali mopanda chifukwa ndiponso kuti paipiyo yaipitsa khoma, ndipo pa za maonekedwe sinditsutsa, koma njira zina zonse zinkafuna kuphwasula chinthu chimene chili bwinobwino.

Pa za kogula zipangizo, mtima wanga udakali ku Down Shops. Muli sitolo ina yakale m'menemo imene mnyamata wake wogulitsa amalola kuti munthu ayese chigongono pa paipi asanalipire, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa mapaipi ndi zolumikizira za makampani osiyana sizigwirana bwino nthawi zonse ngakhale zitalembedwa muyeso umodzi. Zogwirira paipi kukhoma anandipangira owotcherera zitsulo a ku Kapata kuchokera ku zidutswa za chitsulo chafulati, ndipo n'zolimba kuposa za pulasitiki zimene ndinaona m'masitolo. Mapaipi amabwera a mamita 6, ndipo awiri amene ndinagula anafika kunyumba atamangidwa panjinga, mnyamata akuikankha wapansi m'mbali mwa msewu, nsalu yofiira ili kunsonga. Polumikiza zigawo za gutter sindinapake guluu, ndipo ndinasiya kampata m'cholumikizira chilichonse, popeza pulasitiki imatalika kukatentha n'kubwerera kukazizira. Amene amamata zonse ndi guluu amadzaona gutter itapindika kapena kung'ambika chilimwe chikafika.

Zotsala zilipo ndithu. Chopatutsira madzi oyamba, amene amatsuka denga, kuti asalowe m'thanki ndinachipanga ndi paipi ya mamilimita 110 yotalika mamita awiri, yoimirira pansi pa potulukira madzi, yokhala ndi chitsekero chopotokola kumunsi. Paipi yotere imasunga malita pafupifupi 17, ndipo nditaitsegula Lachitatu m'mawa munatuluka madzi akuda, a fumbi, zitosi za mbalame ndi masamba ofumbwa. Koma madzi a m'thanki nawonso anali ndi kamtundu pang'ono, zimene zikusonyeza kuti malita 17 ndi ochepa pa denga la masikweya mita 48 limene lakhala nthawi yaitali losatsukidwa bwino. Ndikulingalira zoika dilamu yaing'ono m'malo mwa paipiyo, ndi kampira koyandama kotseka pakamwa ikadzaza, ndipo ngati alipo amene anayesapo njira imeneyi ndingakonde kumva kukula kwa kampira kamene anagwiritsa ntchito. Pakamwa pa thanki ndaikapo sefa ya waya woletsa udzudzu, koma paipi yotulutsa madzi osefukira ilibe sefa, ndipo ndiyenera kuikapo sabata ino thanki isanadzaze. Paipi ya pakhoma ikufunika penti, chifukwa PVC yokhala padzuwa imauma n'kuyamba kusweka. Pakali pano madziwa ndi ochapira, otsukira mbale ndi othirira ndiwo zamasamba, ndipo akafunika kumwa tiziyamba tawawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a Clorin.

Mbali yakutsogolo ya denga ndi yaikulu mofanana ndi yakumbuyo, ndipo madzi ake akungotayikabe. Ndikufuna kuti Nc'wala isanafike kumapeto kwa Febuluwale nayonso ikhale ndi gutter yake, ndipo m'chilimwe chikubwerachi ndikumbe nkhokwe ya madzi ya pansi, ya njerwa ndi simenti, ya malita 10,000 kapena kuposerapo, yokhala ndi pampu yaing'ono ya sola yokankhira madzi ku chimbudzi ndi kudimba. Akazi anga akuti tiyambe taona mmene thanki imodziyi ithere dzinja lino. Paipi ya madzi ija ndinakaibweza kwa eni ake pamodzi ndi nkhuku yothokozera, ndipo ndagula yangayanga ya mamita 20, imene Loweruka likudzali ndiyezera thabwa la kutsogolo.